Mahatchi a Madala Makwiti

Uthenga wa imfa ya Madala Makwiti unandipeza ndili pa geti la hotela ku West Bay, kuno ku Doha, nditavala jekete yakuda ija amatikakamiza kuvala alondafe ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anatumiza ndi mwana wawo wamkazi, Esinati, kuchokera ku Luchenza. Anangoti bambo atisiya m'mawa uno, ndi shuga uja, maliro mawa. Pofika nthawi yoweruka, gulu lathu la pafoni la Amalawi a pakampani linali litadzaza ndi tizithunzi ta nkhope zolira. Woyamba kulemba anali Laisoni, mlonda mnzanga amene timagona naye chipinda chimodzi. Analemba kuti Madala anali ngati bambo ake omubereka, kuti iye sadzaona munthu wina wotero. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinazimitsa foni. Ndikanayankha, ndikananena zinthu zimene sizinenedwa munthu asanaikidwe.

Madala anali dalaivala wa kabasi ka kampani yathu, kotitenga ku Umm Ghuwailina kumene timagona n'kukatitula m'mashifiti athu. Anali aafupi, a mapewa otambalala, oyenda motsimphina mwendo wakumanzere. Zaka za pa pasipoti yawo sizinali zawo zenizeni, ndipo aliyense ankadziwa. Nthawi ya mediko, yotipima kuchipatala ngati tikadali oyenera ntchito, ikayandikira ankagula dayi wakuda ku Al Sadd n'kudzipaka m'mutu ndi burashi yotsukira mano, uku akutukwana galasi. Sanali munthu wosavuta kukhala naye. Ukachedwa kukwera basi sankadikira, ngakhale akukuona pagalasi ukuthamanga nsapato zili m'manja. Ukawapatsa moni asanamwe tiyi ankangokuyang'ana. Koma likafika Lachisanu m'miyezi yozizira, munthu yemweyo ankasintha, ndipo ife tinkamuzungulira.

Lachisanu ambirife tinkapuma. Dzuwa likapendeka tinkakhala pa benchi ya kashopu ka karaki, tiyi wamkaka wa kuno, kuseri kwa nyumba yathu, ndipo Madala ankatulutsa foni yawo yong'aluka galasi n'kuyamba kutiuza za mipikisano ya mahatchi ya mawa lake ku Mangalande. Si mahatchi othamanga pamtetete ayi. Amenewo ankawanyoza, ankati ngakhale bulu atamenyedwa bwino angathe. Awo anali mahatchi othamanga mtunda wautali uku akudumpha mipanda ya zitsamba ndi ngalande za madzi, m'matope ndi m'chifunga, munthu ali pamsana. Mayina a Chingerezi a mahatchiwo ankati ndi opusa, ndiye iliyonse ankaipatsa lawo. Panali Nachisale, panali Wamisala, panali ina yaulesi imene ankaitcha Bwana. Ife ankatipatsa nambala yake basi.

"Mpikisano woyamba usiyeni," ankatero, akuvundula tiyi. "Ndi wa ana, sanaphunzire kukweza miyendo. Wachitatu, yang'anani nambala faifi. Aisenzetsa katundu wopepuka, ndipo kumeneko kwagwa mvula sabata yonse. Imeneyi imakonda matope ngati nkhumba."

"Nanga nambala wani, Madala? Aliyense akuti ndi imeneyo," wina ankafunsa.

"Aliyense wake uti? Ija imadumpha mokhotera kumanja, pomwe bwalo la mawa limazungulira kumanzere. Pa mpanda uliwonse izitaya mtunda. Ukufuna kuponya ndalama yako m'ngalande, pita ukaponye."

Ankadziwa joki, wokwera hatchi uja, amene wangochira kumene phewa, amene amachita mantha pa mpanda womaliza, ndi amene amamenya hatchi msanga n'kuitopetsa isanafike pachitunda. Ankadziwa mphunzitsi amene mahatchi ake akutsokomola. Nyengo ya ku Mangalande ankaitsatira kuposa ya kwawo ku Thyolo, ndipo zinali zoseketsa kuona nkhalamba ikupukuta thukuta m'fumbi la Doha ikudandaula kuti kwina kwake kwagwa chisanu, nthaka yauma gwa.

Kuno juga ndi yoletsedwa, ndipo ukagwidwa suchedwa kuona bwalo la ndege. Ndiye anthu ankatumiza manambala kwa abale awo kumudzi kuti akawabetchere kumeneko, ena ankachita njira zawo zapansipansi pafoni. Madala onsewa ankawadziwa, koma ankachita ngati sakuona. Iwo sanabetchepo. Ankakonda kunena kuti iwo amakamba za hatchi, za m'thumba mwa munthu si zawo. Mkulu wina wa mapemphero athu a Lachisanu m'mawa, a Phiri, anawadzudzulapo pagulu kuti akukokera ana a eni ku juga. Madala anayankha kuti wonena za mvula pa wailesi saimbidwa mlandu wina akabzala pamwala, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanapondenso kumapempheroko. A Phiri akakwera basi, Madala ankakweza wailesi.

Ine ndimaona kuti a Phiri sanalakwe kwenikweni. Madala ankadziwa bwino lomwe kuti theka la anthu a pabenchi paja silinkasamala za hatchi, linkangodikira nambala. Koma ankakonda kumvedwa. Sabata yonse anali nkhalamba yoyendetsa basi imene mudiri, bwana wathu wa pa ofesi, ankaikalipira kuti yala, yala, fulumira. Lachisanu lokha ndi pamene anthu ankakhala chete iwo akatsegula pakamwa. Esinati anawachonderera kangapo kuti abwerere, kuti nyumba inatha kale kumangidwa, akufunanso chiyani m'chipululu. Ndinkawamva akukangana pafoni. Tsiku lina atadula anandiuza kuti, "Kumudzi ndikakamba za hatchi azikati ndapenga. Ndizikakhala pakhonde kumawerenga nkhuku?"

Zonsezi anaziphunzira ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene ankasamala mahatchi a mzungu wina asanakhale dalaivala. Mzunguyo ankalandira matepi a mipikisano kuchokera kwawo, ndipo Madala ankaonera nawo ataima pakhomo, chifukwa m'nyumbamo sankaloledwa kukhala pansi. M'mawa uliwonse ndi iwo amene ankakwera mahatchiwo n'kuwadumphitsa mipanda kuseri kwa fakitale mpaka atazolowera. Likafika tsiku la chionetsero, pamsana pankakhala mwana wamkazi wa mzunguyo, iwo atagwira chingwe ndi ndowa. Mwendo uja unathyoka hatchi ina itawagwera, ndipo anakawamanga kuchipatala cha esiteti mokhota. Izi sankazinena modandaula. Chimene ankanena ndi mkwiyo n'chakuti mzunguyo pochoka anagulitsa mahatchi onse osawauza, iwo n'kungopeza khola lili pululu.

Ine anandikwiyirapo kamodzi kwambiri. Ndinasankha hatchi chifukwa dzina lake linkafanana ndi la mkazi wanga, ndipo mwangozi inapambana, yawo n'kubwera yachitatu. Ndinaseka pagulu. Kwa masiku angapo sanandiyankhule, ndikakwera basi ankayang'ana kunja. Atakhululuka anandiitana n'kundionetsa mpikisano womwewo pang'onopang'ono, kuti ndione kuti yanga inapambana chifukwa ziwiri zakutsogolo zinagundana. "Fatsani, mwayi si nzeru," anatero. "Usadzandisekenso pamaso pa anthu."

Pa mahatchi onse, imene ankaikonda inali yotuwa, yokalamba, imene anaitcha Phulusa. Anayamba kuitsatira idakali yaing'ono, ikudumpha timipanda tating'ono, mpaka inafika pa mipanda ikuluikulu. Ankati si yothamanga kwambiri koma simanama, ikaona mpanda imaimika makutu. Ndipo ndi Phulusa imene inawachotsetsa ntchito.

Unali mwezi wa Malichi, nyengo ya mipikisanoyi ikupita kumapeto, ndipo mawa lake kunali tsiku lalikulu. Pabenchi panadzaza. Laisoni anakhala pambali pawo penipeni monga mwa masiku onse, foni yake itagona chafufumimba pabenchi, ndipo ndi iye amene anafunsa kuti, "Nanga wachinayi, Madala?"

"Wachinayi muli Phulusa," anatero Madala. "Ikhoza kupambana mawa, ndipo mtima wanga uli pa iyo. Koma mverani bwino. Miyendo yake yakutsogolo yatha. Ngati kumeneko kugwe mvula, nthaka n'kufewa, mpikisano ndi wake. Ngati kuche ndi dzuwa ndi mphepo, musaikhudze. Mwini wake akanakhala wachisoni sakanaitulutsa n'komwe."

Mvula sinagwe. Loweruka madzulo titaweruka tinaonera pafoni yawo, anthu angapo titaunjikana mitu. Phulusa inatsogola kuyambira poyamba, ikudumpha bwino moti ena anayamba kumenya m'manja. Madala sanamwetulire, ankangoti, "Nthaka yalimba, nthaka yalimba." Patatsala mipanda yochepa, inatera n'kupinda mwendo, joki n'kugubuduka kutali. Joki anadzuka. Hatchi inayesa kudzuka n'kugwanso. Kamera inapitiriza kutsata zinzake, ndipo pamene inadzabwerera tinangoona anthu akutchinga malowo ndi nsalu zobiriwira. Wina anafunsa kuti akuchita chiyani. Madala anati, "Akuipha." Anaika foni m'thumba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Lolemba m'mawa, tikukwera basi, mlonda wina wa ku Uganda, dzina lake Okelo, wa m'nyumba ina ya kampani yomweyi, anawagwira Madala pakolala. Anali bambo wofatsa, wa ana atatu, amene sindinamumvepo akukweza mawu. Anati m'Chingerezi kuti nkhalamba iwe wandipha, malipiro anga onse a mwezi, fizi ya ana anga, iwe unati shuwa. Madala sanamvetse. Okelo anatulutsa foni n'kutionetsa gulu lina la pafoni limene ife sitinkalidziwa. Pamwamba panali chithunzi cha Madala atagwira kapu ya tiyi. Anthu a ku Uganda, ku Kenya ndi ku Nepal ankalipira sabata iliyonse potumiza mayunitsi ku nambala ina yachilendo kuti alandire mavoisi a nkhalamba yodziwa mahatchi, pamodzi ndi kumasulira kwake m'Chingerezi. Okelo anatsegula voisi ya Lachisanu. Tinamva mawu a munthu akufunsa za mpikisano wachinayi, kenako Madala akuti Phulusa ikhoza kupambana, mtima wawo uli pa iyo. Pamenepo voisi inathera. M'munsi mwake munalembedwa kuti iyi ndi shuwa, ikani zonse.

Amalawi tonse m'basimo tinawazindikira mawu a wofunsayo. Laisoni anakhala kumbuyo, akuyang'ana pawindo.

Okelo anali atakanena kale kwa mudiri. Masana omwewo anatiitana ku ofesi, Madala ndi ife amene tinkagona nawo chipinda chimodzi, ine ndi Laisoni tili momwemo. Mudiri anaika foni ya Okelo patebulo n'kuiliza.

"Mawu awa ndi ako?" anafunsa.

"Ndi anga," anayankha Madala.

"Gululi ndi lako?"

"Ayi. Ine ndimakamba pa shopu ya tiyi. Sindinagulitsepo mawu anga."

"Nanga akufunsayu ndani?"

"Pa shopu pamakhala anthu ambiri. Sindikumudziwa."

Ine ndinatsegula pakamwa, koma Madala anandigwira pamkono n'kufinya mpaka zikhadabo zinalowa. Mudiri anatiyang'ana mmodzimmodzi. Laisoni anaima manja ali kumbuyo ngati ali pa perete. Mudiri anati nkhani ya juga kampani singaisunge, ndipo pali njira ziwiri: aitane apolisi kuti afufuze mafoni a aliyense, kapena nkhalambayi isaine kuti yasiya ntchito yokha, ipatsidwe tikiti. Madala anapempha cholembera.

Titatuluka ndinawakalipira kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Ndinati, "Madala, mukumutchinjiriza chifukwa chiyani? Wakugulitsani ngati mbuzi."

"Tsitsa mawu," anatero. "Ndikamutchula, apolisi abwera. Akabwera satenga foni yake yokha. Ndani pabenchi paja amene m'foni mwake mulibe kanthu? Mukufuna mukwere ndege nonse?"

"Ndiye mupite inu, amene simunabetchepo?"

"Mediko ikubwerayi sindikanapasa. Shuga wakwera, dayi sabisa zimenezo. Khalasi, Fatsani. Zatha."

Mwina zinali zoona, mwina ankangonditonthoza. Chimene ndikudziwa n'chakuti madzulo a tsiku limenelo m'nyumba yathu munali mpumulo umene anthu ankalephera kuubisa. Amuna amene anadya nawo manambala a Madala nyengo zingapo, amene ena anagulira malata pa mahatchi a Madala, ankadutsana nawo pamasitepe n'kumati pepani Madala, Mulungu alipo, kenako n'kuthamangira kukafufuta zinthu m'mafoni mwawo. A Phiri anati iwo ananena kale. Palibe anaganiza zoti tipite tonse kwa mudiri. Palibe anamugwira Laisoni pakolala monga Okelo anawagwirira Madala.

Laisoni anabwera kwa Madala akulongedza katundu. Anabweretsa botolo la perefyumu m'kapepala konyezimira, n'kuima chapatali.

"Madala, zinthu zangovuta. Ine sindinkafuna kuti zifike apa. Mukudziwa kunyumba kuli khanda, madamu sakugwira ntchito."

Madala anapitiriza kupinda malaya. Kenako anati, "Za ntchito zisiye. Zoti unkandijambula mobisa, zisiyenso. Ndifuna undiuze chinthu chimodzi. Ine ndinati ngati mvula igwe. Unamva ndi makutu ako. Unadulirenji mawu anga?"

Laisoni anakanda m'mutu. "Anthu salipira 'ngati', Madala. Amafuna shuwa."

Madala anatseka chikwama. "Tenga botolo lakolo," anatero, "ukapatse madamu."

Tsiku lonyamuka, Laisoni anasinthana shifiti ndi munthu wina kuti asakhalepo. Amene ananyamula chikwama cha Madala kutsika nacho masitepe anali Okelo. Wina anali atamuuza zoona zake, ndipo anabwereranso kwa mudiri kukanena kuti analoza munthu wolakwika, koma mudiri anati fayilo yatsekedwa, asamutayitse nthawi. Okelo ankangobwereza kupepesa. Madala anamugwira paphewa n'kumuuza m'Chingerezi chawo cha ku esiteti kuti asadzaikenso fizi ya ana pamsana pa nyama, ngakhale atanena ndani. Basi imene inawapititsa ku bwalo la ndege inali yawo yomwe ija, akuyendetsa munthu wina. Njira yonse Madala ankamudzudzula kuti akusintha magiya mochedwa.

Kumudzi sanakhalitse ndi moyo. Ndinkawaimbira mwa apo ndi apo pa foni ya Esinati, ndipo nkhani zathu zinkatha msanga. Nyengo yozizira itayambanso ndinawaimbira Lachisanu lina n'kufunsa mwanthabwala kuti mawa tiyang'ane nambala iti. Anati netiweki kumeneko ndi yovuta, bandulo ndi yodula, ndipo anthu amangofunsa za mtengo wa feteleza. Esinati anandiuza pambuyo pake kuti foni ija anaipereka kwa mdzukulu wawo atangofika, ndipo sanatchulepo hatchi ngakhale kamodzi. Ankakhala pakhonde kuyang'ana msewu. Tsitsi analisiya kuti liyere, ndipo anthu a m'mudzimo anadabwa kuti munthu angakalambe msanga chotero.

Sindikufuna kuwasandutsa woyera mtima chifukwa amwalira. Anali aukali, onyada, ndipo ankadziwa kuti mawu awo amatulutsa ndalama m'matumba mwa anthu osauka, koma anapitiriza chifukwa ankakonda benchi ija. Komabe pa zaka zonse zimene ndinawamvera, sindinawamvepo akunena kuti hatchi iyi ndi shuwa. Ankati pali mipanda yambiri pakati pa poyambira ndi pothera, ndipo uliwonse ukhoza kugwetsa ngakhale yabwino kwambiri. Anachotsedwa ntchito chifukwa cha liwu limene sanalinene, ndipo amene analinenayo adakali pano, chaka chino amukweza kukhala woyang'anira shifiti.

Pagulu la pafoni anthu anagwirizana zosonkha chipepeso, ndipo anasankha Laisoni kuti ndiye asonkhanitse, poti amadziwa kulemba bwino. Ine changa ndinatumiza ndekha kwa Esinati.

M'chipinda chathu, bedi la Madala linali lapansi, pakona, kutali ndi chitseko. Kampani sinabweretsepo munthu wina, chifukwa dalaivala watsopano amagona ku nyumba ina. Matiresi anatenga wina amene ake anali atatha, pilo anatenga wina. Patsala zitsulo zokha ndi thabwa, ndipo poti malo ndi osowa, anthu anayamba kuikapo masutikesi awo. Dzulo nditabwera ku shifiti ndinaima n'kuyang'anapo. Pali masutikesi atatu osanjikizana ndi nsapato za wina zimene akuumitsa. Lapansi, lalikulu kuposa onse, latsopano, lokutidwa kale ndi pulasitiki, ndi la Laisoni. Mwezi wamawa akupita kutchuthi kumudzi.